Khirisimasi ya utsi wokhetsa misozi

Dzulo magetsi atathima kuno ku Area 25, mphwanga uja amakonda kujambula mavidiyo pa foni anabwera nkuti "malume taonani ichi musanagone". Kavidiyo kakalekale, zithunzi zake zosaoneka bwino, koma ndinaseka mpaka aneba kugogoda khoma.

Kanajambulidwa ku Seattle, America, nthawi ya msonkhano wa WTO, bungwe loona za malonda pakati pa mayiko, womwe unayamba pa 30 November 1999. Anthu masauzande ambiri, a mabungwe a ogwira ntchito, ophunzira, oteteza chilengedwe, anatseka misewu kukana malamulo a zamalonda omwe amati amangolemeretsa olemera kale, moti mwambo wotsegulira msonkhano unalephereka. Apolisi anayankha ndi tiyagasi ndi zipolopolo za labala. Meya Paul Schell analetsa zionetsero pakati pa tauni, anthu oposa 500 anamangidwa, ndipo patangopita masiku ochepa mkulu wa apolisi Norm Stamper analengeza zotula pansi udindo.

Nde apa mpamene pali nthabwala. Inali nyengo yogula za Khirisimasi, mashopu atakongoletsedwa kale ndi timagetsi. Ojambulawo anatenga zithunzi za apolisi akupopera anthu tsabola m'maso nkuikapo kanyimbo kokoma ka Khirisimasi, kenako mawu ngati a otsatsa malonda pa wailesi akuuza anthu kuti musadandaule, pitirizani kugula, boma likukutetezani. Munthu wanyamula majumbo akudutsa bwinobwino, mnzake wanyamula chikwangwani akukokedwa pansi, msewu womwewo.

Ine chomwe chinandigwira sichinali Seattle ayi, ndinaona Old Town yathu yomwe ino. December akafika mumaona momwe mavenda a m'mbali mwa msewu amathamangitsidwira kuti tauni ioneke yaukhondo kwa ife opita kukagula mpunga ndi nkhuku, mayi wina tomato wake ali mbwee pansi akutola mmodzimmodzi uku mwana ali kumbuyo akulira, ife tili pa mzere ndi trolley kudandaula kuti mafuta ophikira akwera. Ndipo akweradi, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 zinthu sizinabwererenso. Mu February 2025 ogulitsa kaunjika anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo kulira mtengo wa mabelo, nkhani yake ndi yomweyo ya malonda ndi ndalama zakunja, kungoti ife sititchula WTO, timangoti dola yasowa.

Mphwangayo akuti chaka chino apanga yake. Father Christmas atavala gumbutsi, thumba lodzadza ndi malisiti a ngongole, akuthamangitsidwa pa Malangalanga chifukwa alibe chiphaso cha msika. Ndamuuza kuti ndevu za thonje ndimugulira ine, koma tsiku lojambula asanditchule dzina, ndipo anyamule botolo la madzi osukusulira m'maso. Wangoseka nkundipempha ya bandulo.