Kanyenya wa Lachinayi

Anayambitsa zonsezi ndi namwino. Ine ndinangopita kuchipatala ndi mutu, woti akanandipatsa Panado n'kundiuza kuti ndizipita, koma mayi aja anandikweza pasikelo, kundimanga cha BP pamkono, kenako n'kuyamba kulemba m'buku langa la kuchipatala osalankhula. Namwino akamalemba ali duu, dziwani kuti zinthu sizili bwino. Makilogalamu 97.

"Bambo," anatero osadzutsa mutu, "mimbayi ichepe."

Mimba imeneyitu ndinailera ndekha zaka khumi, ndipo kwathu ku Ntcheu imalemekezeka kuposa mwini wake. Ndikatsika basi anthu amayamba ayang'ana iyo, kenako nkhope, n'kunena kuti, "Koma kutauni kwakuyanjani." Ndiye munthu angotulukira n'kuti ichepe.

Mphwanga amene timakhala naye ku Zingwangwa, wophunzira ku MUBAS (ife akalefe timangoti ku Poly), ndiye anabweretsa nzeru pafoni. Anati kuli kadyedwe kotchedwa 5:2 kamene kanatchuka ku Britain cha m'ma 2012: masiku asanu munthu amadya monga mwa nthawi zonse, masiku awiri amadya pang'ono kwambiri, mwamuna ma calorie 600, mkazi 500. Ndinamufunsa kuti ma calorie 600 ndi chiyani m'Chichewa. Anawerengera n'kuti, "Mazira owiritsa ngati asanu ndi atatu, malume. Tsiku lonse, popanda nsima." Anandichenjezanso kuti odwala shuga asamayambe zimenezi asanafunse adokotala, koma shuga wanga namwino uja anali atayeza kale, ali bwinobwino.

Masiku awiri ndinawakana. Tinanenerera ngati pakaunjika mpaka tinagwirizana tsiku limodzi pa sabata, koma losala zenizeni: madzi ndi tiyi wopanda shuga mpaka 6 koloko madzulo. Kusankha tsikulo ndiye kunavuta. Lolemba lili kale ndi mavuto ake. Lachitatu aNaphiri, mayi a kunyumba, amaphika nyemba zothira tomato wambiri. Lachisanu ndi Lachisanu. Lamulungu kuli nkhuku. Linatsala Lachinayi, tsiku lopanda mwini.

Lachinayi loyamba ndinafika kuofesi ndili wonyada. Itakwana 10 koloko anafika mayi a mandazi ndi ndowa yawo ndi kabuku ka ngongole, kamene dzina langa lili ndi masamba akeake. Anatsegula ndowa pamaso panga penipeni.

"Lero angati, bwana?"

Apa ndiye ndinalakwa. Kwathu kuno mwamuna wamkulu sanganene kuti akufuna kuwonda anthu n'kumukhulupirira. Ukayamba kuchepa thupi amati ukudwala, apo ayi wakongola katapira. Ndiye ndinangoti, ndi mawu otsika, "Lero ayi, mayi. Ndikusala."

Mayi aja anatseka ndowa mwaulemu ngati akutseka Baibulo. ANabanda a ku accounts, amene amakhala tebulo la pakona ndipo ndi amene amasainira adivansi ya malipiro, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Ambuye alemekezeke, achimwene. Sindimadziwa."

Ndikanakonza pomwepo. Mawu awiri okha, "n'zochepetsa mimba", nkhani ikanathera pomwepo. Koma ulemu umene unali m'maso mwa aNabanda sindinauonepo chiyambire ntchito, ngakhale tsiku limene ndinawabwezera ngongole nthawi yake isanakwane. Ndinangoweramitsa mutu.

Njala yosala dala ndi ina. Simabwera pang'onopang'ono ayi, imadziwa nthawi ngati wokhometsa msonkho wa pamsika. Mphwanga anandiuza kuti m'mimba mumatuluka timadzi totchedwa ghrelin timene timachuluka nthawi imene thupi linazolowera kudya, ndipo ukapirira kanthawi njalayo imatsika yokha. N'zoona imatsika. Chimene sananene n'chakuti isanatsike imayamba yaimba. Pamsonkhano wa 12 koloko abwana ali mkati mofotokoza za bajeti, m'mimba mwanga munalira kulira kwa galimoto yokana kulira m'mawa wa mu June. Abwana anasiya kulankhula n'kuyang'ana pawindo. ANabanda anawanong'oneza kuti, "Akusala," abwana n'kugwedeza mutu mwaulemu.

Madzulo ake ndinadya mitanda isanu ya nsima ndi usipa, ndipo Lachisanu m'mawa ndinagula mandazi anayi, awiri a tsikulo, awiri obwezera dzulo. Mphwanga anati kumeneko n'kutunga madzi ndi dengu. Ndinamukumbutsa amene amamulipirira thiransipoti.

Pofika sabata yachitatu mbiri inali itafika mpaka kugeti. Mlonda anayamba kunditcha abusa. Dalaivala anandikokera pambali kuti ndizimukumbukira pankhani ya kontirakiti yake. Mtsikana wa pa risepishoni anandipatsa kapepala kopindapinda, ndipo nditatsegula ndinapezamo dzina la mnyamata basi, popanda kufotokoza kuti ndimupempherere abwere kapena achoke. Koma pempho lalikulu linali la aNabanda: mwana wawo anali atalemba mayeso a MSCE ndipo zotsatira zinali pafupi kutuluka.

"Lachinayi lililonse, achimwene, muzimutchula dzina."

Ndinavomera. Ndipo kunena chilungamo ndinkamutchuladi, makamaka cha m'ma 1 koloko, pamene munthu wanjala amatchula chilichonse.

Lachinayi lachinayi abwana anandituma ku Limbe kukatenga mapepala. Ndinakwera minibasi m'tauni dzuwa lili pamutu. Pa Ginnery Corner anakwera mayi wina ndi chimanga chootcha, nakhala pafupi nane, n'kumachikukuta mzere umodziumodzi mosafulumira. Pa Chichiri mwana wa kumbuyo anatsegula kajumbo ka chipisi. Ndinatseka maso, koma mphuno ilibe chitseko.

Mapepala ndinatenga bwinobwino. Cholakwika chinali njira yobwerera kudepoti, imene imadutsa pa ziwaya. Amene mumaidziwa Limbe masana mukudziwa utsi umene ndikunena: mafuta akuwira, anyezi, nyama ya mbuzi ikuchita thethethe m'mbali mwa chiwaya. Ndinafulumiza miyendo. Miyendoyo inafulumiradi, koma molowera kuchiwaya.

"Bwana, talawani! Kulawa n'kwaulere!"

Mnyamatayo anali atatambasula kale mkono, kachidutswa kali pakamtengo. Ndinaima n'kuyamba kuweruza mlandu m'mutu. Kulawa ndi kudya? Mayi akamalawa mchere m'ndiwo timati adya? Khoti la m'mutu mwanga linagamula mwachangu kuti kulawa si kudya. Chidutswa chachiwiri chinali chotsimikizira choyamba. Chachitatu ndinkafuna kudziwa ngati mbali ya chiwindi inapsa mofanana. Kuchokera apo sindinawerengenso, koma mnyamata uja ankawerenga. Ndinaitanitsanso chipisi ndi kabichi pamwamba, poganiza kuti kabichi ndi masamba ndipo namwino sangadane nazo.

Pathebulo panali kambale ka mchere ndi kabotolo ka tsabola wa kambuzi. Ndinasankha chidutswa chachikulu kuposa zonse, chamafuta, chongochoka pamoto, n'kuchiviika m'tsabola mopanda chisoni. Chitangolowa m'kamwa ndinamva mawu kumbuyo.

"Si awo! Ndi omwewo ndimakuuzani aja!"

Posankha Lachinayi ndinaiwala chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wa ku Blantyre amadziwa: ndi tsiku la amayi a Mvano. ANabanda anali atapempha kuweruka masana kuti akaone wodwala, ndipo apa anali akubwera ndi anzawo awiri, onse mu yunifolomu yoyera kuti mbee.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma manja anga anaganiza msanga kuposa mutu. Kajumbo ka chipisi kanalowa m'thumba la jekete. Kamtengo kanagwa pansi ndipo ndinakaponda. Ndinasuntha mapazi awiri kuchoka pachiwaya n'kutembenuka ngati munthu wongodutsa. Yatsala nyama m'kamwa: yotentha moti sindingameze, yaikulu moti sindingabise m'tsaya, ndipo kutafuna pamaso pawo kunali kudzipereka ndekha.

"Amayi, awa ndi achimwene a kuntchito aja. Lero lomwe lino chilowereni m'mawa sanalawe kanthu, akusalira mwana wanga."

Amayi aja anapinda mawondo pang'ono pondipatsa moni. Ine ndinangoyankha kuti, "Mmm."

Kambuzi samva za ulemu. Anayamba ndi lilime, kukwera m'mphuno, kenako m'maso. Misozi inayamba kutsika yokha, mizere iwiri, thukuta lili kamukamu pamphumi, milomo ikunjenjemera chifukwa choitseka mwamphamvu. Mmodzi wa amayiwo, wachikulire, anandiyang'anitsitsa n'kugwira pachifuwa.

"Taonani, akulira. Munthuyu wanyamula katundu wa anzake."

"Mmm," ndinatero, ndipo apa ndinkanena zoona.

Anaganiza zoti tipemphere pomwepo, mwachidule, kuti andilimbikitse. Tinagwirana manja m'mbali mwa msewu, makondakitala akuitanira za ku Bangwe ndi ku Thyolo. Dzanja langa lamanja linali lonyowa ndi mafuta a mbuzi, ndipo ndinamva zala za aNabanda zikuterereka, kugwiranso, kutererekanso. Onse atatseka maso ndinapeza mpata: ndinatafuna katatu mofulumira n'kumeza. Nyama inatsika ngati khala lamoto. Ndinatulutsa kamawu kamene mayi wachikulire uja anakayankha kuti, "Ameni!"

Ndinayamba kukhulupirira kuti ndapulumuka. Pemphero linali litafika pa mwana wa mayeso, kutsala pang'ono kutha, pamene wina anandikoka jekete.

"Bwana, pepani kudula mapemphero. Zidutswa naini ndi chipisi. Cholawa chija sindinawerengere."

Maso atatu awiriawiri anatseguka. Anayang'ana mnyamatayo, ali ndi chipande chake m'manja. Anayang'ana ine. Kenako onse pamodzi anatsitsira maso pathumba la jekete, pamene mafuta anali atajambula mapu aakulu ngati a Nyanja ya Malawi, ndipo kachidutswa ka kabichi kali lende pakamwa pa thumba. ANabanda anakweza dzanja lawo n'kulinunkhiza.

"Mbuzi," anatero. Sanawonjezere mawu ena.

Ndinalipira. Ndalama yobwerera kutauni inathera pomwepo, moti anandilipirira minibasi ndi mayi wachikulire uja, amene njira yonse ankangoyang'ana kutsogolo, mapewa akugwedezeka.

Kunyumba aNaphiri anandilandira mwachifundo, madzi osamba ali okonzeka, nsima ya munthu wosala ili patebulo. Ndinadya, chifukwa kukana kukanafuna kufotokoza. Anatulukira zonse usiku akupachika jekete. Sanakalipe. Anangobwera kuchipinda atanyamula kajumbo kaja ndi zala ziwiri n'kufunsa kuti, "Bambo, izi muzimalizira panopa kapena ndikusungireni Lachinayi likudzali?"

Loweruka ndinakwera pasikelo ya mnyamata wa m'mbali mwa msewu, uja amalipiritsa kandalama kochepa. Inaonetsa 98. Ndinati sikeloyo ndi yakufa. Anakwerapo yekha kuti andionetse kuti ndi yamoyo, n'kundilipiritsa kawiri.

Kuofesi mlonda anabwerera ku "bwana". Mtsikana wa pa risepishoni anadzatenga kapepala kake. ANabanda anakhala masabata awiri akundipatsa moni wa mutu wokha, ndipo adivansi imene ndinapempha mwezi umenewo inasochera m'mafayilo. Tsiku limene MANEB inatulutsa zotsatira anabwera patebulo langa n'kuikapo mbale yovindikira. Mwana anakhoza, mapointi 24. M'mbalemo munali zitumbuwa zisanu ndi chimodzi, zotentha.

"Zikomo, achimwene, pa masabata atatu aja," anatero. "Mukanapanda kudya mbuzi ija bwenzi ali 15."

Linali Lachinayi. Anakoka mpando n'kukhala, kudikira kuti aone chimene ndichite.