Mlandu umene anasenzetsa Hürrem

Dzina la Hürrem Sultan, mkazi wa Suleiman, mfumu ya ufumu wa Ottoman umene likulu lake linali ku Istanbul, likangotchulidwa, anthu amathamangira kunena kuti anali mkazi wachiwembu amene anasokoneza mutu wa mfumu. Zimenezi ine zimandiwawa, chifukwa oweruzawo safunsa n'komwe kuti nyumba imene ankakhalamo inali yotani.

Hürrem anafika ku Istanbul ali kapolo, atagwidwa kudera limene lero lili m'dziko la Ukraine. Mwambo wa mafumu a Ottoman unali wakuti mdzakazi akaberekera mfumu mwana wamwamuna mmodzi, basi zathera pomwepo, sagonanso nayo. Mwanayo akakula ankapatsidwa chigawo choti alamulire, amayi ake n'kupita naye. Mfumu ikamwalira, anawo ankalimbirana mpando, ndipo wopambana ankapha abale ake. Mu 1595 Mehmed III anaphetsa abale ake 19. Ndiye taganizani, mayi ali ndi mwana mmodzi yekhayo, akudziwa kuti akapanda kulowa ufumu aphedwa. Ndi mayi uti amene angangopinda manja?

Suleiman anaphwanya mwambowo. Anabereka ana aamuna angapo ndi Hürrem, kenako anamumasula pa ukapolo, n'kumukwatira. Mphamvu za Hürrem sizinathere kuchipinda. Anamangitsa mzikiti, sukulu ndi chipatala ku Istanbul, komanso nyumba yodyetseramo osauka ku Jerusalem, ndipo ankalemberana makalata ndi mfumu ya ku Poland.

Koma amene amandigwira mtima kwambiri ndi Mahidevran, mkazi mnzake wa Hürrem. Mu 1553, pa ulendo wa kunkhondo, mwana wake Mustafa, amene asilikali ankamukonda kwambiri, anaitanidwa ku tenti ya bambo ake. Analowa, n'kupotokoledwa khosi momwemo. Analamula ndi Suleiman, bambo womubereka, koma amene amalozedwa chala mpaka lero ndi Hürrem. Mahidevran anakakhala ku Bursa, kumene kunali manda a mwana wake, mu umphawi ndi ngongole. Ulemu wake wonse unali pa mwanayo, ndipo unapita naye limodzi.

Ngakhale Kösem Sultan, mayi wina wa m'nyumba yachifumuyo wa m'zaka za pambuyo pake, amene anayendetsa dziko m'malo mwa mwana wake Murad IV kuyambira mu 1623, kenako m'malo mwa mdzukulu wake Mehmed IV, sanapulumuke. Anaphedwa m'nyumba yachifumu momwemo mu 1651, ndi anthu a mpongozi wake Turhan, mayi wa Mehmed IV, amenenso ankaopa kuti mwana wake wamng'onoyo alandidwa mpando.