Batani la Cancel lomwe linandidyera sabata yonse

Lolemba m'mawa mayi wina wa ku ofesi ya zachuma anafika pa desiki yanga. "Achimwene, batani lanu loimitsira lija silikugwira." Pulogalamu yathu inalembedwa m'chinenero cha makompyuta cha C#, imakoka malipoti ku nthambi 6 nthawi imodzi, ndipo ntchito zonsezo ndinazimanga pamodzi ndi Task.WhenAll, lamulo lodikira kuti ntchito zonse zithe. Intaneti ya nthambi imodzi ikangofooka, kachizindikiro kamangozungulira pa sikirini mpaka masekondi 100 amene HttpClient, chida chokokera zinthu pa intaneti, imadikira atakwana.

Task.WhenAll silandira CancellationToken, token yonyamula uthenga woti ntchito iime, ndipo ndinaganiza kuti gwero la vuto linali pamenepo. Lachiwiri ndinakumbukira WaitAsync, lamulo lodikira lomwe limalandira token, lomwe linabwera mu 2021 ndi .NET 6 (.NET ndi maziko amene mapulogalamu a C# amayendapo). Ndinaiika kumapeto, n'kudina batani, sikirini n'kumasuka pompo. Ndinaweruka mtima uli m'malo.

Lachitatu masana mayi aja anabweranso, manambala a nthambi ina atalowa kawiri. Nditatsegula ma log, momwe pulogalamu imalemba zimene ikuchita, thukuta linandigwira. Ntchito zonse 6 zinkapitirirabe pambuyo pa Cancel. WaitAsync inangondichotsa ine pa chipata pomwe ndinkadikirira, koma ana amene ndinawatuma kumsika anali akugulabe. Mayi aja atadinanso batani loyambira, ntchito yakale ndi yatsopano zinalemba mu database zonse ziwiri. Zinandipweteka, chifukwa manambala amenewo ndi amene amawerengera malipiro a anthu.

Mu .NET ntchito siimitsidwa mokakamiza. Imauzidwa kudzera mu token, ndipo iyo yokha iyenera kumva n'kusiya. Choncho Lachinayi lonse ndinakhalira kuyendetsa token ija m'njira zonse: mu GetAsync yokoka malipoti, mu SaveChangesAsync yolemba mu database, ndi m'kati mwa loop yowerenga mizere, momwe ndinaika ThrowIfCancellationRequested, yoimitsa ntchito token ikanena kuti iime. Ndinagwiritsanso CreateLinkedTokenSource kuti batani la munthu ndi malire a masekondi 30 zizilankhula ndi mawu amodzi. OperationCanceledException, uthenga umene umabwera ntchito ikaimitsidwa, ndimaigwira payokha tsopano, chifukwa munthu amene waimitsa dala sayenera kuona uthenga wofiira ngati walakwitsa. WaitAsync ndinaichotsa: ndi bwino kudikira kamphindi ntchito zonse zibwerere kaye tisanatsegulenso batani loyambira.

Lachisanu ndinawaitana mayi aja. Tinazula waya wa intaneti lipoti lili pakati, iwo n'kudina Cancel, ine maso ali pa log. Ntchito zonse 6 zinaima, mu database simunalowe kanthu. "Tiyeserenso," anatero. Tinayesa katatu.