Ku Ukedo, Kumene Opulumutsa Anthu Analetsedwa Kubwerera

Sitima ya Hitachi yochokera ku Tokyo imatenga maola atatu ndi mphindi zingapo kufika ku Futaba, m'chigawo cha Fukushima. Mabasi ndi ochepa kwambiri kuno, choncho wosabwereka galimoto amataya theka la tsiku akudikira. Nyumba yosungira mbiri ya ngozi ya mu 2011, ya chivomezi, mafunde a tsunami ndi kuwonongeka kwa fakitale ya nyukiliya, amalowetsa pa mayeni 600, koma osapita Lachiwiri, amatseka.

Malo ofunika kuimapo nthawi yaitali ndi sukulu ya pulayimale ya Ukedo, m'tauni ya Namie. Anaisiya monga momwe madzi anaisiyira pa 11 Marichi 2011: makoma ong'ambika, zitsulo zopindika, pansi pa holo potitimira. Chivomezi chitangotha, aphunzitsi anathamangitsa ana kupita kuphiri la Ohira, kenako woyendetsa lole wina anawanyamula. Palibe mwana aliyense amene anali pasukulupo anafa.

Koma m'mudzimo zinali zina. Usiku umenewo ozimitsa moto ankamva mawu a anthu pansi pa zigumukire, ndipo anagwirizana zobwerera kukacha. M'mawa wa pa 12 Marichi boma linalamula kuti onse okhala mkati mwa makilomita 10 kuchokera ku Fukushima Daiichi, fakitale yopanga magetsi a nyukiliya imene inawonongeka, achoke. Kufufuza kunayambiranso patadutsa mwezi wathunthu. Ukaima pagombe la Ukedo n'kuona fakitaleyo chakum'mwera, pamtunda wa makilomita 6 okha, nkhani imeneyi imakubaya mumtima.

Chinalakwika n'chodziwika. Mariyakitala, makina amene mafuta a nyukiliya amatulutsiramo kutentha, anazima okha bwinobwino, koma mafuta a nyukiliya amapitiriza kutentha ngakhale makina atazima, ndiye mapampu a madzi oziziritsa sayenera kuima. Chivomezi chinadula magetsi ochokera kunja. Majenereta ambiri a dizilo anali m'zipinda zapansi, ndipo mafunde a mamita pafupifupi 14 anawamiza pamodzi ndi mabokosi ogawira magetsi. Fakitale inakonzekera mafunde a mamita 5.7 basi, chonsecho mu 2008 akatswiri a TEPCO, kampani yoyendetsa fakitaleyo, anali atawerengera kale kuti akhoza kufika mamita 15.7. Mafuta anasungunuka m'mariyakitala 1, 2 ndi 3, ndipo mpweya wa hayidirojeni unaphulitsa nyumba zitatu. Ku Onagawa, fakitale ina ya nyukiliya chakumpoto, kumene anamanga pamtunda wokwera mamita 14.8, anthu a m'midzi anakabisala pafakitale penipenipo.

Anthu oposa 160,000 anasamuka. Oposa 2,000 m'chigawochi anamwalira pambuyo pake chifukwa cha mavuto a kusamukako, makamaka okalamba, kuphatikizapo odwala amene anachotsedwa m'zipatala n'kuyenda maola ambiri m'mabasi. Chiwerengerochi chimaposa cha amene anaphedwa ndi mafunde ku Fukushima.

Ku Futaba kunkakhala anthu pafupifupi 7,000, ndipo analoledwa kubwerera mu Ogasiti 2022, koma abwerera ndi ochepa zedi. M'mbali mwa msewu muli zikwangwani zamagetsi zosonyeza mlingo wa radiation (cheza choopsa cha nyukiliya) pa ola. Misewu yotchingidwa musailowe, ndipo nyumba zosiyidwazo zili ndi eni ake, musamasuzumire m'mawindo pofuna kujambula.