Mtonga amene anagwedeza Cape Town Mandela ali khanda

Ndachita manyazi sabata ino aise. Madala wina wa Chixhosa yemwe timagwira naye ntchito kuno ku Cape Town atamva zoti kwathu ndi ku Malawi anandifunsa ngati ndimamudziwa Kadalie, ine kukamwa yasa, ndimaganiza akunena osewera mpira. Madala anangopukusa mutu nkupitiriza kumwa tiyi wawo.

Usiku ndinagona pa foni mpaka bandulo kutha. Clements Kadalie anabadwa mu 1896 ku Chifira kufupi ndi Bandawe, ku Nkhata Bay komwe kuja, anaphunzira zauphunzitsi ku Livingstonia kenako ulendo wofuna ganyu ngati tonsefe, kudutsa Mozambique, Southern Rhodesia, mpaka kufika Cape Town mu 1918, chaka chomwe Mandela anabadwa. Ndiye tsiku lina akuyenda mtauni wapolisi wachizungu anamukankha kumuchotsa m'mbali mwa msewu moyenda anthu, mlandu wake khungu basi. Mzungu wina, A.F. Batty, analowererapo, ndipo pocheza pocheza mpomwe panatuluka maganizo oyambitsa bungwe la antchito. Januwale 1919 bungwelo, Industrial and Commercial Workers' Union (ICU), linabadwa ndi anthu 24 okha, ambiri onyamula katundu pa doko. Chaka chisanathe Kadalie anapangitsa sitiraka pa doko pomwepo, boma mpaka linafuna kumuthamangitsa m'dziko mu 1920 koma zinakanika.

Musaiwale nthawi imeneyo apartheid inali isanabwere ndi dzina, inadzabwera mu 1948, koma tsankho linali kale m'malamulo. Lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda kachigawo kakang'ono ka dziko lawo lomwe, ntchito zabwino za m'migodi zinali za azungu, kuyenda kumafuna chitupa. Pofika 1927 ICU inkati ili ndi mamembala 100,000, kuposa ANC kutalitali, mpaka antchito a m'mafamu akumidzi. Chomwe chandisangalatsa ine, ICU ukaitchula m'Chingerezi imamveka ngati ukuti ndikukuona, ndiye anthu ankaitanthauzira choncho, ndikukuona mzungu iwe. Ukabera munthu malipiro, tikukuona.

Kadalie sindimupanga mngelo ayi, zinadzasokonekera. Mikangano ya ndalama, kusamvana ndi A.W.G. Champion wa ku Natal, bungwe linang'ambika, Kadalie nkuchokamo mu 1929 kukakhala ku East London komwe anamwalira mu 1951.

Koma chandiwawa nchoti kusukulu ine ndinaloweza Chilembwe, ndinaloweza Mandela ndi zaka zake 27 za ndende, dzina la Kadalie sindikukumbuka kulimva olo kamodzi. Agogo anga anapita ku Theba, ankatiuza za migodi ndi mabulangete, za uyu ayi.

Mawa lake ndili mu takisi mnyamata wina atamva ndikuyankhula pa foni anang'ung'udza za makwerekwere, dzina lonyozera ife obwera kuchokera kumayiko ena. Ndinafuna kumufunsa funso lomwe madala aja anandifunsa, koma ndinali nditafika potsikira.