Kadzutsa wa ife ogwira usiku

Ine kadzutsa ndimadya nditatopa, osati nditangodzuka ayi. Shifiti yanga kunyumba yosamalira agogo kuno ku Leicester, ku England, imatha 8 koloko m'mawa, ndiye nthawi imene anthu akuyasamula pabedi ife timakhala tikuvula yunifomu, miyendo ili zii, mimba ikulira. Lachisanu lililonse tinapangana kuti aliyense azibwera ndi kontena ya zakwawo tizidyera limodzi tisanathamangire basi, ndipo kagulu kameneka kandidyetsa zinthu zoti kwathu ku Phalombe sindinazilotepo.

Ndiyambe ndi wa eni dziko, uja amamutcha full English. Mazira, bekoni, soseji, bowa, tomato wowotcha, tositi, nyemba zam'chitini ndi kachidutswa kakuda kotchedwa black pudding, kamene ndi magazi a nkhumba osakaniza ndi mafuta ndi oats. Anzanga ankayembekeza kuti magaziwo andinyansa, ine ndinangoseka, munthu wokulira uwende ungamuopseze ndi zimenezo? Chimene chinandigonjetsa ndi nyemba. Abale, nyemba kuthira shuga! Mpaka lero ndimazikankhira pambali. Komanso azunguwo sadya zimenezi daily, masiku a ntchito amangomeza Weetabix ataimirira basi.

Mnzathu wa ku Nigeria amabweretsa akara. Ndi khobwe yemweyu, amamuviika, kuchotsa makoko, kupera limodzi ndi anyezi ndi tsabola kenako kukazinga m'mafuta ngati zitumbuwa. Amadyera phala la chimanga chovikidwa masiku angapo mpaka kuwawasa, iye amati ogi. Tsiku loyamba ndinadya asanu ndi awiri, manyazi ndinasiya pakhomo. Chimandiwawa n'choti khobwe tili naye wambirimbiri kumudzi koma palibe anaganizapo zomukazinga chonchi, ife ndi kuwiritsa basi kapena chipere.

Koma amene anandigwira mtima kwenikweni ndi idli. Amabwera naye ndi mayi wina wa ku Kerala, ku India, tonse timamuitana chechi, m'chilankhulo chawo ndiye kuti achemwali aakulu. Idli ndi timikate toyera tofewa ngati thonje, topanda mafuta, topanda shuga. Amaviika mpunga payokha ndi kambewu kena kotchedwa urad payokha, kupera, kusakaniza, kenako n'kusiya usiku wonse kuti zifufume zokha popanda yisiti, m'mawa n'kuphika pa nthunzi. Kakomedwe kake kali ndi kuwawasa kwapatali kuja kwa thobwa logonetsa, ndipo ukadya anayi umagona tulo tabwino osamva kulemedwa m'mimba ngati umachitira ukadya soseji.

Nsuzi wake ndiye nkhani. Amati sambar, muli bwemba, therere, biringanya, tsabola ndi zonunkhira zina. Nditalawa ndinati koma fungo ili ndikulidziwa ine. Ndinafunsa chechi kuti muli chiyani umu, anati toor dal, n'kundionetsa chithunzi pa foni. Nandolo! Nandolo weniweni wosenda n'kugawa pakati. Ndinakhala kaye chete kwa kanthawi, chifukwa mayi anga alima nandolo moyo wawo wonse, mavenda amabwera ndi masikelo awo aja, matumba n'kupita ku Limbe, ndipo tinkangomva kuti akupita ku India osadziwa kuti kumeneko amakamutani. Mu 2017 India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwawo mtengo unagwa koopsa, matumba anangokhala m'nyumba mpaka kufumbwa, chaka chimenecho fizi ya mng'ono wanga inavuta kwambiri. Ndiye taganizani, ndabwera mpaka ku England kudzadziwa kumene nandolo wa amayi ankathera, m'mbale ya kadzutsa. Nditawauza pa WhatsApp anangoti, "Iwe, ndiwo m'mamawa? Alibe mbatata anthuwo?"

Masiku ena chechi amabweretsa puttu, ufa wa mpunga ndi kokonati zophikidwa mu kachitsulo kangati paipi, ndiwo yake tchana wakuda. Nayenso ndi bho koma amauma kukhosi, amafuna tiyi pafupi.

Za ku Turkey ndinazipeza ndekha pa kakafe kena. Menemen, mazira ophikira mu tomato ndi tsabola wobiriwira, amabwera akadali kubwata m'kapoto momwemo iwe n'kumasunsa buledi. Tiyi wawo ndi wopanda mkaka, m'timagalasi ting'onoting'ono toti kumwa kawiri watha, ine wozolowera kapu yaikulu ya Chombe ndimaitanitsa katatu mpaka mnyamata wake amandiseka. Ku Belgrave Road nako, msewu wina wa konkuno ku Leicester, Lamlungu amwenye a Chigujarati amadya fafda ndi jalebi, chamchere chokhukhuta pamodzi ndi chotsekemera chodontha manyuchi. Sindinazikonde kwenikweni, mano anachita kuwawa, koma ndimapitabe chifukwa pali adala ena pa shopu amene anakulira ku Limbe, akangondiona amayamba "muli bwanji achemwali" ndi Chichewa chawo chakalekale.

Itafika nthawi yanga ndinavutika maganizo, ndiwapatsa chani anthu ozolowera zonunkhira chonchi? Phala la mgaiwa ndinaopa kuti aziti ndawaphikira chakudya cha odwala. Ndinapanga futali, mbatata yoyera ya ku shopu ya amwenye, nsinjiro ndinasinja ndekha mu blenda, kamchere pang'ono. Wa ku Nigeria anathiramo tsabola asanalawe n'komwe, ndinakwiya pang'ono koma ndinangokhala. Chechi anadya mwakachetechete, kenako sabata yotsatira anabwera ndi futali wakewake atathiramo mbewu za mpiru zokazinga ndi masamba a curry. Sindinafune kuvomera pamaso pake koma anakoma kuposa wanga.

Panopa ndikulimbana ndi kuphunzira idli. Kawiri konse zakanika, kuzizira kwa kuno phala lake silifufuma, timatuluka tolimba ngati miyala ya pa gulaye. Chechi wandiuza kuti ndiziika mbale mu uvuni wozimitsa n'kuyatsa kagetsi kam'katimo kokha usiku wonse. Ndaika 7 koloko ndisananyamuke, ndipo ndamata kapepala pachitseko kuti amene ndimakhala naye asayerekeze kuyatsa uvuni kuti atenthetse pizza yake.