Nambala 8 ndi chitseko chokhoma: zimene ndikuphunzira poyendetsa masewera a nkhani

Mabuku a malamulo a Dungeons & Dragons (D&D) amatha masamba ambirimbiri kufotokoza mmene mtengambali amapambanira. Ine chimene chandigwira mtima pophunzira kuyendetsa masewerawa ndi mbali inayo, yakuti chimachitika n'chiyani dayisi ikakana. Wosewera amafunsa kuti apange mtengambali wotani, woyendetsa amafunsa kuti nkhani aiyendetse bwanji, koma ndikuona kuti mafunso awiriwa amakathera pamalo amodzi.

Kwa inu amene simunawaonepo, zimakhala chonchi. Anthu angapo amakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi pepala la mtengambali wake: msilikali, wakuba, wamatsenga, wansembe. Mmodzi yekha ndiye alibe pepala lotero. Ameneyo, amene mu D&D amamutcha Dungeon Master ndipo m'masewera ena GM (Game Master), ndiye woyendetsa: amafotokoza malo, amalankhulira mlonda wa pachipata ndi mayi wogulitsa mowa, ndiponso amagamula nthawi yoponya dayisi. Palibe wopambana anzake. Masewerawa adawatulutsa Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974, kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin ku America, ndipo adamera kuchokera ku masewera a nkhondo a tizidole. Lero mwini wake ndi Wizards of the Coast, imene idagula TSR mu 1997.

Mtengambali aliyense amakhala ndi manambala 6: mphamvu, changu, kulimba kwa thupi, nzeru, luntha ndi chikoka. Mu 1974 munthu sankasankha. Ankaponya madayisi atatu a mbali 6 pa nambala iliyonse, motsatana, ndipo zimene zatulukazo ndiwe ameneyo. Ukapeza mphamvu 6 ndi nzeru 15, za usilikali unkaziganizira kawiri. Ntchito zosankha zinalinso zitatu zokha, msilikali, wamatsenga ndi wansembe. Wakuba adalowa mu 1975. Masewera ena a nthawi imeneyo anali ouma mtima kuposa pamenepa. Mu Traveller, ya Marc Miller ya 1977, mtengambali ankatha kufa ukadali mkati momupanga: umamulowetsa usilikali, umaponya dayisi yoona ngati wapulumuka zaka zake za ntchito, ikakana basi, tenga pepala lina. Zimaseketsa, koma zikuonetsa maganizo a anthu oyambawo, akuti mtengambali ndi munthu amene wamupeza, ndiye uone chochita naye.

Malamulo a D&D a 2014, amene ambiri adayambira, amapereka njira zofewerapo. Ungaponye madayisi anayi n'kutaya yaing'ono, ungagule manambala ndi mapointi 27, kapena ungatenge mndandanda wokonzeratu wa 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8 n'kugawa mmene ukufunira. Ine ndimakonda wokonzeratuwu chifukwa suyambitsa nsanje patebulo, komanso chifukwa cha 8 uja. Aliyense ayenera kumuika penapake.

Wosewera watsopano amamuopa 8 ngati matenda. Amamukankhira ku nambala imene akuganiza kuti sadzaigwiritsa ntchito, kenako madzulo onse amazemba chilichonse choikhudza. Nditakhala pansi kuwerengera, ndidaona kuti manthawa ndi aakulu kuposa chinthucho. Nambala yeniyeniyo siponyedwa. Umachotsapo 10, n'kugawa pawiri, n'kutsitsa ngati pali theka. Choncho 15 amapereka +2, pamene 8 amapereka -1, ndipo zimenezi ndizo umaphatikiza pa zimene dayisi yatulutsa. Dayisi yaikulu ili ndi mbali 20, ndiye kusiyana kwa nambala yako yamphamvu ndi yofooka ndi mbali zitatu zokha pa 20, kapena kuti 15 peresenti. Ukaonjezapo +2 wa luso limene mtengambali woyamba kumene adaliphunzira, zikukwana mbali zisanu. Msilikali wa chikoka 8 akafuna kunyengerera munthu pa mlingo wa 10 (nambala imene ayenera kuifika kuti apambane), afunika kuponya 11 kapena kuposa, ndipo mwayi wake ndi theka ndithu. Si munthu woti azikhala chete madzulo onse.

N'chifukwa chake pepala likandifika, ndimayamba ndafunsa za nambala yofookayo. Chikoka 8 chikutanthauza chiyani mwa munthu ameneyu? Ndi wamwano, wamanyazi, kapena amalankhula zoona pamalo posafunika? Mnzanga wina adayankha kuti msilikali wake adakulira kumalire, ndipo akaima pamaso pa anthu olemera lilime limauma. Yankho limenelo lidandipatsa zochita zambiri kuposa masamba atatu a mbiri ya makolo amene wosewera wina adandilembera, momwe munali maufumu, nkhondo ndi mayina osatchulika, koma zonse zidatha kale nkhani isanayambe. Mbiri yotha ilibe pogwira. Chimene woyendetsa angachigwiritse ntchito ndi chimene chikadali chotseguka, monga ngongole yosabweza, mlongo amene sakudziwika kumene ali, kapena lonjezo limene mtengambali sangathe kulisunga popanda kukhumudwitsa anzake. Malamulo a 2014 adayesa kutikankhira komweko pouza wosewera kuti alembe khalidwe, chimene amakhulupirira, chimene chimamumanga ndi chilema chake, koma mizere imeneyi ambiri amailemba mothamanga pomaliza, maso ali pa zida.

Tsiku lina zidachitika kuti wolankhula bwino wa gululo adamangidwa, ndipo woti akamupempherere kwa mkulu wa mzinda anali msilikali uja. Mwini wake adayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine. "Amwene, mukufuna kundipha? Ine ndilankhule ndi bwana ameneyu?" Ndidamuuza kuti anene kaye zimene msilikaliyo akunena. Adachita chibwibwi dala, chipewa chili m'manja, n'kutchula mkuluyo udindo wolakwika. Dayisi idatuluka 6. Anthu onse adafa nacho chiseko, ndipo nthawi yomweyo maso onse adatembenukira kwa ine. Apa ndiye pamene ntchito ya woyendetsa imayambira, chifukwa ndikadangoti "wakana", nkhani ikadaima, ndipo wosewerayo akadaphunzira kuti asadzayesenso. Mkulu wa mzinda adavomera kumasula mkaidiyo, koma chifukwa cha chipongwecho adalamula kuti msilikaliyo asiye lupanga lake ngati chikole mpaka atamugwirira ntchito ina kumapiri. Kulephera kuja ndiko kudabala ulendo wotsatira.

Chitsanzo chimene aliyense wophunzira kuyendetsa amakumana nacho ndi chitseko chokhoma. Wakuba akuti atsegule loko. Tinene kuti zonse pamodzi ali ndi +4, ndipo lokoyo ili pa mlingo wa 15, umene buku limautcha wapakati. Afunika 11, mwayi ndi theka. Waponya 4. Tsopano bwanji? Wosewera amati ayesenso. Mnzake amati naye ayese. Ukawalola kuponya kanayi pa mwayi wa theka, mpata woti onse alephere ndi umodzi pa 16, kutanthauza kuti chitsekocho chitseguka ndithu, mwangotaya mphindi khumi. Ukawakaniza, aima pakhomo ndipo zonse zimene udakonza zili mkati. Njira ziwiri zonsezi n'zoipa, ndipo vuto lidayamba dayisi isanaponyedwe. Ngati palibe chowathamangitsa ndipo munthuyo ndi katswiri, loko atsegule basi, osaponya. Dayisi ituluke pokhapokha pamene ndikudziwa chimene kulephera kudzawononge, ndipo ndibwino kuchinena poyera: "Ukalephera, chitseko chitseguka koma alonda amva," kapena "waya wako athyokera mkati." Wosewera akamva mtengo wake asanaponye, amayamba kuganiza. Wina amati adikire alonda adutse, wina amati ayatse nyali kuti mnzake aone bwino. Pamenepo ndimatha kupereka mwayi woponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu, ndipo pa chitseko chathu chija theka limakwera kufika 75 peresenti. Mwayi umenewo amakhala kuti aupeza okha ndi nzeru zawo.

Maganizo amenewa sindidawatenge mu D&D mokha. Masewera a Apocalypse World, amene Vincent Baker adatulutsa mu 2010, adamanga malamulo ake onse pa nkhaniyi. Umaponya madayisi awiri a mbali 6 n'kuonkhetsa. Ukapeza 10 kapena kuposa, watha bwinobwino. Ukapeza 7 mpaka 9, watha koma pali mtengo wolipira kapena chisankho chowawa. Ukapeza 6 kutsika, woyendetsa amachita kanthu, ndipo zinthu zimasintha. Pa njira 36 zimene madayisi awiri angagwere, popanda choonjezera, 6 zokha ndi za kupambana koyera, 15 ndi za pakati, 15 ndi zolephera. Ndiye kuti masewera onse amakhala m'dera la "inde, koma", ndipo palibe kuponya kumene kumasiya zinthu mmene zinalili. Sindikunena kuti ndi abwino kuposa D&D. Amene amakonda kuwerengera mayendedwe a nkhondo sangakhutire nawo. Koma chizolowezi chake chimasamukira patebulo lililonse.

Pa nkhani zofufuza, monga za mu Call of Cthulhu ya 1981, chitseko chokhoma chija chimabwera ngati chizindikiro chobisika. Kalata imene ikuulula wakupha ili pansi pa kabati, wosewera waponya kuti afufuze, walephera, ndipo nkhani yafera pomwepo. Robin Laws popanga malamulo a GUMSHOE adangodula mutu wa vutolo: chizindikiro chofunika kuti nkhani ipite patsogolo sichiponyeredwa dayisi, munthu waluso akafufuza pamalo oyenera amachipeza. Ena amati pa mfundo iliyonse imene ukufuna osewera aitulukire, uike zizindikiro zitatu m'malo osiyana, chifukwa chimodzi sachiona, china sachimvetsa. Ndayesa zonse ziwiri, ndipo chimene ndaona n'chakuti kupeza kalata si kumene kumasangalatsa anthu. Amasangalala akamakangana za tanthauzo lake.

Tonse tidakula ndi nthano, wina akuti "padangokhala", ife tikuti "tilitonse". Kuyendetsa masewerawa kumafanana nazo pa mawu ndi pa kuwerenga nkhope za omvera, koma wokamba nthano amadziwa kumene Kalulu akathere, pamene woyendetsa sayenera kudziwa. Ichi ndicho chovuta kwa ife okonda kulemba nkhani. Ukakonzeratu mathero, dayisi iliyonse yokana imakhala mdani wako, ndipo umayamba kuwakokera anthu ku njira yako mochenjera. Osewera amazindikira msanga, ndipo akazindikira amasiya kuganiza n'kumangodikira kuti uwauze kolowera. Masiku ano pokonzekera ndimalemba anthu a m'nkhani, chimene aliyense akufuna, ndi chimene adzachite ngati palibe womuletsa. Zotsalazo zimadziwika patebulo.

Funso limene limagawa oyendetsa kwambiri ndi lakuti kodi n'kololedwa kunama za dayisi. Ambiri amaponyera kuseri kwa chotchinga, ndipo chiyeso chimabwera msanga. Wamatsenga woyamba kumene amakhala ndi moyo wa mapointi 6 kuphatikiza za kulimba kwa thupi, tinene 7. Goblin, kamdani kakang'ono ka m'malamulo a 2014, akamenya ndi chikwanje chake amachotsa dayisi ya mbali 6 kuphatikiza 2, ndiye kuti ikagwa 5 kapena 6, wamatsengayo wagwa pa nkhondo yoyamba, mwina asanalankhule n'komwe. Munthu watha madzulo athunthu kumupanga. Ndani sangafune kunena kuti "waphonya"? Ndikuwamvetsa amene amatero, koma ine ndidasankha kuponyera poyera, pakati pa tebulo. Osewera akangokayikira kamodzi kuti ndimawapulumutsa, kupambana kwawo konse kumasanduka mphatso yochokera kwa ine, ngakhale kumene adakupeza okha. Ndipo malamulo ali kale ndi chitetezo: wogwayo safa nthawi yomweyo, amaponya dayisi ya mbali 20 pa nthawi yake iliyonse, 10 kukwera wapulumukako, ndipo amafa akalephera katatu asanapambane katatu. Pakati pamenepo anzake ali ndi mpata wothamanga kukamuthandiza, ndipo mphindi zimenezo tebulo limakhala lamoyo kuposa nthawi ina iliyonse.

Chifundo chili ndi malo ake, koma malowo ndi poyambirira. Masewera asanayambe timakhala kaye tsiku lokambirana lokha, limene anthu amalitcha session zero: nkhani yake ikhala yotani, ndi zinthu ziti zimene wina safuna kuzimva patebulo, aliyense akudziwana bwanji ndi mnzake m'nkhanimo. Pamenepo ndidafunsa mosabisa ngati akufuna kuti imfa ikhale imfa. Awiri adati inde, apo ayi palibe choopa. Mmodzi adati iye akataya mtengambali amene wamuzolowera sabweranso. Tidagwirizana kuti wolephera katatu, mwini wake ndiye asankhe: mtengambali afe, kapena akhale moyo koma ataye chinthu chosabwerera, kaya diso, kaya dzina lake labwino, kaya ufulu wake m'manja mwa adani. Lamulo limeneli m'buku mulibe, ndi la patebulo pathu, ndipo amene adayamba kuligwiritsa ntchito ndi mmodzi wa awiri aja ankati imfa ikhale imfa. Adasankha diso.